Funsani za Kudimba: paipi, mgolo ndi madzi a chilimwe

Makalata ambiri a mwezi uno akunena za madzi, ndipo n'zomveka. Mvula inaleka kalekale, zitsime zayamba kutsika, ndipo kamtolo ka mpiru pamsika wa Dedza kakucheperachepera mtengo uli pomwepo. Ndasankhapo okhudza kuthirira ndi paipi pa kadimba ka pakhomo. Ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Ndili ndi mabedi anayi kuseri kwa nyumba, lililonse lotalika mamita 8, mulifupi mita imodzi. Ndinabzala mpiru, repu ndi anyezi. Nditatopa ndi keni ndinagula paipi yothirira ya hafu inchi, yotalika mamita 30, n'kulumikiza kumpopi. Mwana wanga amathirira ola lathunthu madzulo aliwonse. Bilu ya madzi yabwera yoopsa, bambo akunyumba akuti dimba litsekedwe, chonsecho masana masamba akufotabe. Nditani? Mayi wa ku Dedza boma.

YANKHO: Mayi, apempheni bambo apirire mwezi umodzi, dimba lisatsekedwe. Paipi yanu ilibe mlandu. Chimene chikusowa pakhomo panu ndi muyezo, ndipo muyezowo muutenga mawa m'mawa ndi ndowa ya malita 20 komanso wotchi ya pafoni.

Tambasulani paipi yonse mpaka kudimba, tsegulani mpopi mmene mwana amatsegulira, lozetsani paipi m'ndowa, muone nthawi imene itenge kuti idzaze. Muyezere kumapeto kwa paipi, osati pampopi, chifukwa madzi akamayenda m'paipi yaitali amakhula m'mbali mwake n'kumachepa liwiro. Tinene kuti ndowa yadzaza pa mphindi 2. Ndiye kuti paipi yanu ikutulutsa malita 10 pa mphindi. Pa ola limodzi mwana uja wathira malita 600, migolo itatu ya malita 200. Pa mwezi ndi malita 18,000. Mita ya a Central Region Water Board imawerenga malita 1,000 kukhala yuniti imodzi, choncho dimba lokha likudya mayuniti 18. Bilu ija yachokera pamenepo.

Tsono tione zimene mbewu zanu zikufuna. Bedi lililonse ndi masikweya mita 8, onse anayi ndi 32. Kuno kumtunda, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, ndiwo zamasamba zimakhuta ndi malita pafupifupi 3 pa sikweya mita patsiku. Dzuwa la Okutobala likafika, werengerani malita 5. Anzathu a kuchigwa, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, awonjezerepo lita imodzi kapena awiri chifukwa kumeneko kumatentha kuposa kuno. Dimba lanu pa nthawi yotentha kwambiri likufuna malita 160 patsiku, osakwana n'komwe mgolo umodzi. Ndi paipi yanuyo ndi mphindi 16, bedi lililonse mphindi 4, ndipo pa mwezi simufika mayuniti 5. Ngati ndowa yanu idzaza msanga kapena mochedwa kuposa mphindi 2, sinthani mawerengedwewa moyenera.

Nanga bwanji mpiru ukufota madzi akuthiridwa ochuluka chonchi? Ndimawaona ana akuthirira ndikamadutsa m'makomo madzulo: chala chachikulu pakamwa pa paipi, madzi akuthamanga m'mwamba, maso ali kwa anzawo akumpira. Ena mwa madziwo amapita ndi mphepo. Otsalawo amamenya dothi mwamphamvu n'kuligogomeza, ndipo likauma pamwamba pamalimba ngati khonde lozira. Mawa lake madzi salowanso, amangoyenderera kupita m'tinjira ta pakati pa mabedi kukalera udzu. Pabedi pamanyowa zala ziwiri zokha. Mizu imatsata chinyezi, ndiye imangoyala pamwamba pomwepo, ndipo dzuwa likafika paliwombo chinyezi chija chimakhala chitatha.

Tipulani mabedi pang'ono ndi kakhasu kuti muswe kulimba kuja, mosamala mizu. Salazani bedi lililonse kuti lisapendekere mbali imodzi, n'kulizunguliza ndi kamzere ka dothi kokwera zala zinayi kuti madzi asathawe. M'chilimwe bedi lolowa pansi pang'ono limasunga madzi kuposa lokwera. Okwera aja ndi a m'dzinja, pamene timafuna madzi achoke. Kukamwa kwa paipi mangani sokosi yakutha kapena kachidutswa ka saka, muigoneke pansi pakati pa mbewu kuti madzi azituluka mofatsa n'kumalowa m'dothi. Muziisuntha kawiri kapena katatu pabedi lililonse. Pochoka bedi ili kupita linzake, pindani paipi m'manja kuti madzi asatayike panjira. Pali valavu yaing'ono ya pulasitiki yoika kumapeto kwa paipi, ndipo ndalama yake imabwerera msanga chifukwa munthu sayendanso ulendo wa kumpopi madzi akutayika. Zowazira zija zokongola, zozungulira zokha, ine sindizifuna pa dimba la mabedi anayi. Zimathirira njira, mpanda ndi khoma la nyumba.

Mukatero phimbirani. Udzu wouma wopanda njere, mapesi odula kapena masangwi a mtedza, zokhuthala zala zinayi. Siyani mpata wa zala ziwiri kuzungulira tsinde lililonse. Ambiri amaopa chiswe, koma kawirikawiri chiswe chimatanganidwa ndi zoumazo, ndipo mbewu imene chimakonda kugwira ndi yofooka kale ndi ludzu. Bedi lophimbira limakhala ndi chinyezi masiku awiri pamene lopanda kanthu lauma tsiku lomwelo.

Mbande zongowokera kumene zimafuna madzi tsiku lililonse. Zikagwira, ngati dothi lanu ndi katondo monga lambiri kuno, muzidumphitsa tsiku limodzi n'kuthira muyezo wa masiku awiri pakamodzi, mphindi 8 pabedi, kuti madzi atsike ndipo mizu iwatsatire. Pamchenga musadumphitse. Kuti mudziwe ngati zikuyenda, kumbani m'mbali mwa bedi m'mawa wotsatira, kuya ngati chikhatho choimika, tapani dothi la pansipo mulifinye. Likaumbika osatuluka madzi, zili bwino. Likamwazika, onjezani. Likamata m'manja n'kumachucha, mwapyoza, ndipo dziwani kuti mbewu yomira imafotanso chifukwa mizu yake yasowa mpweya. Madzi opyola muyezo amatsukanso feteleza n'kumupititsa kumene mizu siifika, masamba n'kuyamba chikasu. Komanso musamaweruze mpiru masana a Okutobala, chifukwa masamba ake akuluakulu amagwa mapewa ngakhale dothi lili ndi chinyezi. Uoneni m'mawa. Ukadzuka uli chilili, ulibe ludzu. Anyezi yekha, mitu ikakhwima ndipo makosi ayamba kugwa, lekani kumuthirira kwa masabata awiri musanazule, apo ayi adzakuolerani m'nyumba.

Chomaliza, onani polumikiza paipi ndi mpopi. Pakamadontha, kulungani malegeni mwamphamvu. Ndipo werengani mita musanathirire ndi mutathirira, bambo ali pomwepo, adzionere okha.

FUNSO: Kumtunda kwa dimba langa la kabichi ndi karoti kuli kasupe wosaphwa. Ndinalumikiza zidutswa za mapaipi a hafu inchi zokwana mamita 120 kuti madzi azibwera okha. Akubwera pang'ono kwambiri, ndipo masiku ena amasiyiratu mpaka ndikayamwe ndi pakamwa. Anzanga akuti ndigule injini ya petulo. Kodi ndigule? Bambo wa ku Tsangano.

YANKHO: Bambo, injiniyo musagule. Muli ndi chimene alimi a m'madambo amachilakalaka akamapalasa pampu thukuta lili kamukamu: madzi amene ali kumtunda kwa munda. Petulo mudzagula sabata ndi sabata, pamene chitsetse cha kwanuko sichilipiritsa munthu.

Mphamvu ya madzi oyenda okha imachokera pa kusiyana kwa msinkhu pakati pa pamene akulowera m'paipi ndi pamene akutulukira. Kukula kwa kasupe sikuwonjezera mphamvuyo. Choncho yambani mwadziwa kuti kasupe wanu wakwera mamita angati pamwamba pa dimba. Maso amanyenga paphiri. Bwerekani kapaipi koonekera mkati kamene amisiri omanga nyumba amayezera levulo, kapena pemphani alangizi a ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya Tsangano abwere ndi chingwe ndi levulo zimene amayezera akalozera.

Tinene kuti mwapeza mamita 3. Paipi ya hafu inchi yotalika mamita 120 ingakupatseni malita 3 kapena 4 pa mphindi basi, ndipo apo ili yatsopano, yosapindika, yopanda mpweya. Paipi ya 3/4 inchi pamtunda womwewo imatulutsa pafupifupi katatu kuposa pamenepo, ya inchi imodzi kupitirira kasanu. Anthu amadabwa ndi zimenezi chifukwa m'sitolo mapaipiwa amaoneka osasiyana kwenikweni. Kutalika nako kumadya: mukawirikiza kawiri kutalika kwa paipi, madzi amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye pa zidutswa zanuzo, polumikiza paliponse pamene munalowetsa kapaipi kakang'ono mkati ndi khosi lina lotsamwitsa madzi. Ndalama imene mukanagulira injini, tengani pang'ono chabe mugule paipi yakuda yolimba ija imene imagulitsidwa yokulunga, ya mamita 50 kapena 100, ya inchi imodzi ngati thumba likulola. Paipi yofewa isungireni kumapeto, poyenda nayo m'mabedi.

Kusiyiratu kuja ndi mpweya. Paipi ikakwera pachulu kapena pamwala n'kutsikanso, mpweya umaunjikana pamsonga pamenepo, ndipo mphamvu ya mamita 3 siitha kuukankha. Yendani ndi paipi yanu kuchokera ku kasupe mpaka kudimba, paliponse pamene yakwera muilambalalitse kapena mukumbe kuti izingotsika. Poyambitsa, tsekani kumunsi, dzazani paipi yonse ndi keni kuchokera kumtunda, mizani kukamwa kwake m'madzi, kenako wina atsegule kumunsi. Zoyamwa ndi pakamwa zija zithe. Kukamwa kwa kumtundako kuzikhala komira nthawi zonse, chifukwa madzi akatsika usiku paipi n'kumeza mpweya, m'mawa mupeza yaima. Ngati paipi iyenera kukwera kaye mlomo wa dziwe isanatsike, polumikiza pa chigawo chokweracho pasakhale ngakhale kampata, popeza pamenepo paipi siidontha, imakoka mpweya, ndipo simungaone ndi maso.

Kukamwa komweko vekani botolo la pulasitiki lobooledwa mabowo ambiri, lokulungidwa ndi saka, n'kulimangirira pachikhomo kuti lisagone m'matope komanso lisayandame. Masamba, mchenga ndi ana a achule zizitsalira pamenepo.

Paipi yakudayo ikwirireni, kuya kwa khasu limodzi kapena awiri. Mukudziwa nokha mmene tchire limapsera mu Ogasiti ndi Sepitembala anyamata akamasaka mbewa. Paipi ya pamtunda moto umaimaliza tsiku limodzi, ndipo ikapulumuka kumoto pali ziboda za ng'ombe, mateyala a ngolo ndi anthu a manja aatali. Yokwirira imabweretsanso madzi ozizira. Madzi ogona m'paipi yakuda padzuwa amatentha moti angathe kuwaula mbande.

Pali chinanso chimene ndikufuna muchiganizire musanagule chilichonse. Malita 3 pa mphindi amaoneka ochepa mukaima ndi paipi m'manja. Koma kasupe sagona. Pa maola 10 a usiku, kadontho kameneko ndi malita 1,800, migolo 9. Kumbani dziwe laling'ono kumtu kwa dimba, mulitsire ndi dongo kapena muyale pulasitiki yokhuthala, madzi azigonamo, m'mawa muzithirira ndi paipi yaifupi kuchokera pamenepo. Dziwelo litchingeni ndi mpanda chifukwa cha ana.

Diso la kasupe musalikumbe pofuna kuti madzi achuluke. Ndinaona akasupe atasochera pansi chifukwa cha khasu, osabwereranso. Tengani madzi chakumunsi pang'ono, samalani mitengo yachilengedwe yomuzungulira, ndipo bulugamu asayandikire. Kumunsi kwanu kulinso ena amene amamwa ndi kumwetsa ziweto madzi omwewo. Kambiranani nawo pamaso pa amfumu paipi isanakwiriridwe, ndipo osefukira m'dziwe lanu muwatsegulire ngalande yobwerera kukhwawa.

FUNSO: Ndinaona pa Facebook anthu akuthirira ndi mapaipi odontheza. Ine ndili ndi paipi yakale yothirira ndi mgolo. Ndinaboola paipiyo ndi msomali, koma mbewu zoyandikira mgolo zikumira pamene zakumapeto sizikulandira kanthu. Kodi njirayi ndi yabodza? Mnyamata wa ku Ntcheu boma.

YANKHO: Achimwene, njirayi ndi yoona, ndipo mwandisangalatsa poyesa ndi zimene muli nazo. Chakupwetekani ndi msomali.

Mapaipi odontheza a kusitolo ali ndi tinjira tokhotakhota mkati timene timafooketsa madzi, moti bowo lililonse limatulutsa malita ochepa kwambiri pa ola, kawirikawiri imodzi kapena awiri. Bowo lopanda tinjira timeneti ndi lowolowa manja. La milimita imodzi, mgolo uli mita imodzi m'mwamba, limatulutsa malita pafupifupi 7 pa ola. La milimita 2, monga la msomali wanuwo, limatulutsa kanayi kuposa pamenepo, malita pafupifupi 30. Mukakhala ndi mabowo 30 otere, onse pamodzi akufuna malita 900 pa ola, ndipo paipi ya hafu inchi siingathe kunyamula madzi amenewo ndi mphamvu ya mgolo. Oyambirira amamwa onse, akumapeto n'kugona ndi ludzu.

Mabowo amenewo atsekeni ndi malegeni, muboole ena mbali ina ya paipi ndi singano yosokera pamanja yotenthetsa pamoto, singano imodzi yomweyo pa mabowo onse. Lowetsani n'kutulutsa msanga, osapukusa. Motalikirana motsata mbewu: masentimita 30 pa mpiru ndi repu, 50 kapena 60 pa tomato. Mzere uliwonse usapitirire mamita 10, ndipo ugone mopingasa chitsetse, osati motsetsereka, chifukwa mukautsetseretsa vuto limangotembenuka, akumunsi ndiwo amamwa kwambiri. Ngati bedi ndi lalitali, madzi alowere pakati pa mzere n'kugawikana uku ndi uku. Mabowo aloze kumwamba kuti matope okhazikika pansi pa paipi asawatseke, ndipo pa bowo lililonse mangani kansalu kuti madzi asathamange m'mwamba koma azitsetserekera pansi. Pamwamba pake phimbirani ndi udzu.

Musakhulupirire maso. Dulani mabotolo atatu ofanana, ikani limodzi pansi pa bowo loyamba, lina lapakati, lina lomaliza, tsegulani madzi kwa mphindi 10. Lomaliza likalandira osachepera magawo atatu mwa anayi a loyamba, mzere wanu uli bwino. Likachepera apo, fupikitsani mzere, kapena muzitsegula mzere umodzi pa nthawi imodzi.

Za mgolo. Ukhale mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pansi. Wodzaza umalemera makilogalamu 200 ndi kupitirira, choncho thandala lake likhale la njerwa kapena nsichi zolimba zozika bwino, osati timitengo tomangirira ndi luzi pamene ana amasewera pansi pake. Potulukira madzi boolani zala zitatu kuchokera pansi pa mgolo kuti matope azitsalira. Pothira madzi sefani ndi nsalu. Vindikirani nthawi zonse: kuwala kukalowa mumamera ndere zotseka mabowo, ndipo mgolo wosavindikira ndi nyumba ya udzudzu. Mgolo umene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala osadziwika usayandikire ndiwo. Kumapeto kwa mzere musatsekeretu. Pindani paipi n'kumanga ndi legeni kuti kamodzi pa sabata muzimasula, madzi atuluke mwamphamvu ndi zinyalala zonse. Madzi a manyowa onyika musawadutsitse m'paipi imeneyi, muziwathira ndi keni patsinde.

Ngati mumadzaza mgolo ndi paipi yochokera kumpopi, kukamwa kwa paipiyo kusamire m'madzi a mumgolo. Imangirireni pamlomo, madzi azigwera kuchokera m'mwamba. Madzi a m'mipopi akasiya mwadzidzidzi, paipi yomira imatha kukoka madzi a mumgolo kubwerera m'mapaipi a madzi akumwa, anu ndi a anansi anu omwe.

Mgolo umodzi patsiku umakwanira masikweya mita 40 pa nthawi yotentha, mabedi asanu ofanana ndi a mayi a ku Dedza aja. Ngati dimba likula kuposa apo n'kuyamba kukupatsani ndalama, gulani mapaipi enieni odontheza, chifukwa oboola pamanja amakula mabowo pakapita nthawi ndipo safanana mpaka kale. Koma poyambira, pa tomato wa mizere iwiri kapena itatu, paipi yanu yakaleyo ikwanira.

FUNSO: Pogula paipi yothirira ndiyang'ane chiyani? Iwiri yandithera chaka chisanathe. Mphunzitsi wa ku Lobi.

YANKHO: Aphunzitsi, yang'anani yokhala ndi ulusi wolukana mkati mwa khungu lake. Ipindeni m'sitolo momwemo: ikathyoka khosi n'kuphwatalala msanga, isiyeni. Gulani yotalika mongokwanira, chifukwa mamita owonjezera amangodya mphamvu ya madzi. Chimene chimapha mapaipi ambiri ndi dzuwa komanso kusiyidwa ndi madzi otsekeredwa mkati mpopi uli chitsegulire. Mukamaliza tsekani kumpopi, khuthulani madzi, ikulungeni mozungulira mokula n'kuipachika pamthunzi pa limu yakale ya njinga, osati pamsomali. M'makona a mabedi khomani zikhomo kuti paipi izikhula pamenepo pokoka m'malo mothyola mbande. Ikabooka, dulani pobookapo, lumikizani ndi kachidutswa ka paipi yolimba n'kumanga malegeni.

FUNSO: Adzukulu anga akutsutsana, wina akuti tizithirira tomato madzulo, wina akuti m'mawa. Chaka chatha chiwawu chinatimalizira munda wonse. Agogo a ku Bembeke.

YANKHO: Agogo, mdzukulu wa m'mawayo ndiye wakhoza. Chiwawu chimakonda masamba onyowa pa nyengo yozizira, ndipo ku Bembeke kuzizira ndi nkhungu sizisowa. Mukathirira madzulo n'kunyowetsa masamba, amagona onyowa usiku wonse, matenda n'kupeza pokhala. Chiwawu cha tomato n'chimodzimodzi ndi cha kachewere, ndipo popeza Dedza ndi Ntcheu ndi kwawo kwa kachewere, matendawa sakhala patali ndi munda wa aliyense. Choncho thirirani m'mawa dzuwa litangotuluka, paipi ili pansi, madzi apite patsinde osakhudza tsamba. Madzi ogwa mwamphamvu amathovukitsira dothi pamasamba a m'munsi, ndipo matenda ena amakwera motero. Thyolani masamba okhudza pansi, mangirirani tomato kumitengo kuti mphepo izidutsa, ndipo zimene zagwidwa kale muzizule n'kuzikwirira kutali ndi dimba.

Mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu chimawaula mbewu m'madambo, dothi lisaume, popeza dothi lachinyezi limasunga kutentha kwa masana kuposa louma. Apanso madzi a m'mawa ndiwo abwino.

Tomato amadananso ndi kusinthasintha. Mukamusiya masiku anayi n'kudzamukhuthulira madzi ambiri, zipatso zimang'aluka, zina zimada n'kuola kunsi. Ambiri amathamangira mankhwala poganiza kuti ndi matenda, chonsecho ndi kathiriridwe. Adzukuluwo agawane masiku, koma muyezo ukhale umodzi.

FUNSO: Ife timatunga pamjigo, ndipo ndi patali. Kodi ndingaike paipi kubafa kuti madzi osamba ndi ochapira azipita kudimba la masamba? Mayi wa ku Nsipe.

YANKHO: Mayi, maganizo osataya madzi ndi abwino, ndipo anthu a ku Ntcheu simufuna kuuzidwa za kufunika kwake mutaona damu la Mpira litaphwa mu 2018. Koma madzi amenewo asapite pa masamba. Mpiru, repu, chainizi ndi letesi zimamera pafupi ndi dothi, madzi amazikhudza, ndipo zina zimadyedwa zosaphika kapena zongofutsa pang'ono. Madzi osamba amanyamula tizilombo ta m'mimba. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sindingakulangizeni chinthu chimene chingatsegule khomo la matenda otere pabanja panu.

Madziwo apititseni ku mitengo: nthochi, mapapaya, mapeyala, mapichesi. Tengani paipi yaikulu, ya inchi imodzi ndi theka kapena kuposa, chifukwa sopo, mafuta ndi tsitsi zimatseka yaing'ono, ndipo m'mabowo odontheza sizidutsa n'komwe. Igone motsetsereka kuchokera kubafa, ikathere m'kadzenje kosaya pafupi ndi mtengo, kodzaza ndi udzu wouma kapena mapesi, kuti madzi azilowa pansi osaoneka pamtunda pamene nkhuku ndi ana angawapeze. Kadzenjeko kakhale kutali ndi chitsime chilichonse. Musawasunge mumgolo, chifukwa akagona tsiku limodzi amanunkha ndipo tizilombo timachulukana. Muzisinthasintha mitengo, popeza sopo ali ndi mchere umene umaunjikana m'dothi mukamathira malo amodzi. Madzi ochapira matewera, madzi okhala ndi mankhwala oyeretsa zovala, komanso madzi onse a kubafa pamene wina m'nyumba akutsegula m'mimba, amenewo apite kudzenje lotayira madzi oipa.

Masamba anu apatseni madzi oyera a pamjigo, koma chepetsani dimba lifanane ndi mutu umene ukusenza. Bedi limodzi la mamita 4 mulifupi mita imodzi, lolowa pansi, lothira manyowa okwanira ndi lophimbira bwino, limakhuta ndi ndowa imodzi ya malita 20 patsiku ngakhale mu Okutobala. Madzi otsukira mpunga, mbatata ndi ndiwo, amene mulibe sopo, muziwonjezera pabedi lomwelo.